Timu ya pakoleji si Bullets, ochemerera adekhe

Sukulu zikangotsegulira, nkhani ya mpira imayamba kutentha m'misika ya m'maboma a Balaka ndi Machinga. Padepoti ya Liwonde, pamsika wa Balaka, pa Ulongwe, pa Ntaja ngakhalenso pa Nsanama, anyamata a kabaza ndi azibambo a pabawo amakhala atagawana kale zikho mpira usadagundidwe n'komwe. Wina amati chaka chino timu ya pakoleji yafikapo, palibe woiimitsa. Wina amati achotse kaye mphunzitsi wa timuyo chifukwa chaka chatha adachititsa manyazi dera lonse. Wachitatu amanong'ona kuti vuto si osewera ayi, koma kuti timuyo ikuyenda yosakhwima.

Mtsutso wotere ngosangalatsa ndipo palibe chifukwa choutsekera pakamwa. Umasonyeza kuti anthu amakonda matimu a m'sukulu zawo ndipo amawatenga ngati chuma cha dera lonse. Koma pali munthu mmodzi yemwe saitanidwa pazokambiranazi chonsecho ndiye amasenza katundu yense. Ameneyu ndi mnyamata kapena mtsikana wa zaka 18 kapena 20 yemwe makolo ake adagulitsa mbuzi, thonje kapena matumba a mpunga kuti akaphunzire. Akaphonya penate Loweruka, dzina lake limanyozedwa msika wonse, koma Lolemba m'mawa amayenera kukhala m'kalasi ngati wina aliyense. Choncho masewero a chaka chino asadayambe, n'kofunika kuti ochemerera adzifunse chomwe akuyembekezera kwa mwana ameneyu, komanso ngati chiyembekezocho chili choyenera.

Ludzu la mpira wabwino m'maboma awiriwa ndi lomveka. Balaka idali mbali ya boma la Machinga mpaka mu 1998 pomwe idaima payokha, kotero matimu a mbali ziwirizi akakumana zimakhala ngati pachibale akulimbirana ulemu wa pakhomo. Matimu akuluakulu ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, komabe anthu a m'maderawa adalawako mpira wapamwamba pakhomo pawo. Red Lions ya ku Zomba idalandirirapo alendo ake pabwalo la Balaka, ndipo mu 2017, bwalo la Kamuzu ku Blantyre litatsekedwa kuti likonzedwe, Wanderers idasandutsa Balaka kukhala kwawo n'kutenga chikho cha ligi chaka chomwecho. Kuwonjezera apo, pafupifupi pamsika uliwonse pali nyumba yoonetsera kanema momwe Arsenal, Chelsea, Liverpool ndi Manchester United zimaoneka sabata ndi sabata. Munthu yemwe maso ake azolowera zimenezi akafika pabwalo la pakoleji amayeza ana asukulu ndi muyeso wa akatswiri olipidwa. Apa mpomwe pagona vuto.

Timu ya pakoleji simangidwa ngati Bullets kapena Silver Strikers. Matimu amenewo akaona kuti kutsogolo kulibe wogoletsa, amapisa m'thumba n'kukagula. Koleji ilibe mwayi umenewo. Wophunzira amalowa pasukulu yosula aphunzitsi ya Machinga chifukwa cha mmene adakhozera mayeso a Fomu 4, osati chifukwa cha ukali wa mwendo wake wamanzere. Naye wopita kukaphunzira ntchito zamanja, monga pa Andiamo ku Balaka, amapitira luso lodzadyera mawa. Mphunzitsi wa zamasewero amangolandira omwe abwera. Chaka china mwayi umagwa, pamabwera goloboyi wabwino ndi otchinga kumbuyo okwanira. Chaka china pamabwera akutsogolo okhaokha, wogwira pagolo n'kusowa mpaka kuchita kunyengerera wamtali aliyense kuti avale magolovesi.

Ngakhale osewera abwino apezeke, sakhalitsa. Maphunziro a uphunzitsi wa kupulaimale ndi a zaka ziwiri zokha, ndipo gawo lalikulu la nthawiyo ophunzira amakhala atamwazikana m'sukulu zosiyanasiyana kukayeserera kuphunzitsa. Ophunzira ntchito zamanja nawo amatumizidwa kumakampani ndi kumagalaja kukazolowera ntchito. Kusekondale, osewera odalirika nthawi zambiri amakhala a Fomu 4, omwe akangomaliza mayeso a Maneb basi apita. Tanthauzo lake n'loti timu yomwe idavuta chaka chatha mwina theka lake kulibenso. Dzina ndi lomwelo, unifomu ndi yomweyo, koma miyendo ndi ina. Wochemerera amene akuwerengera zigoli za chaka chatha akuwerengera chimanga cha m'nkhokwe yomwe idapasulidwa kale. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Palinso nkhani ya chuma, yomwe ochemerera ambiri safuna kuimva. Kuti timu ichoke ku Liwonde kukasewera ku Zomba kapena ku Mangochi pamafunika galimoto, mafuta ndi chakudya cha anthu oposa 20. Pamafunika mipira, maukonde, nsapato, mankhwala a ovulala komanso ndalama ya oyimbira. Zonsezi zimachokera m'thumba lomwelo logulira nyemba, choko ndi kulipirira magetsi. Nako kunyumba komwe osewerawa amachokera zinthu sizikhala bwino chaka chilichonse. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a m'dziko muno adali pangozi kaamba ka ng'amba, ndipo Balaka ndi Machinga adali m'gulumo. Mwana yemwe kwawo nkhokwe ili pululu, nsapato akubwerekana ndi mnzake, akuthamanga mphindi 90 padzuwa la Okutobala la ku Balaka, sayenera kutukwanidwa chifukwa choti sadasewere ngati wa pakanema.

Amene akufuna kuona kulemera kwa katunduyu ayang'ane ku Mzuzu. Timu ya Mzuni, ya sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu, idasewera mu ligi yaikulu kuyambira mu 2015 ndipo idakhalamo zaka zingapo ikusautsa matimu otchuka. Ochemerera adanyadira, ndipo adayeneradi kutero. Koma ligi yaikulu imadya ndalama sabata iliyonse: maulendo a ku Lilongwe ndi Blantyre, malo ogona ndi malipiro a osewera. Imafunanso anthu omwe ntchito yawo ndi mpira basi, osati omwe mawa lake ali ndi mayeso. Pofika mu 2020 timuyi idali itasiyana ndi sukuluyo ndipo idasintha dzina kukhala Mzuzu Warriors. Ngati yunivesite yathunthu idafika posiyana ndi timu yake, sichingakhale chilungamo kuumiriza koleji yaing'ono ya m'boma kuti ichite zomwe akuluakulu adaziona kulemera.

Ena amaloza ku America komwe mpira wa m'makoleji ndi nkhani yaikulu. N'zoona. Kumeneko kuli mtundu wina wa mpira, wothamanga nawo m'manja atavala zipewa zolimba, ndipo bwalo la yunivesite ya Michigan lokha limalowa anthu oposa 100,000, kuposa kawiri omwe amalowa m'bwalo la Bingu ku Lilongwe. Kukatsala miyezi ingapo kuti masewero ayambe, ochemerera amakhala akukangana kale za amene atenge chikho ndi mphunzitsi amene achotsedwe, ngati mmene zikhalira padepoti ya Liwonde. Kusiyana kwake n'koti mayunivesite akumeneko amachita kusaka osewera, kuwalipirira sukulu, ndipo amapeza ndalama zankhaninkhani kuchokera kumakampani a kanema. Kuyambira mu 2021 osewerawo amaloledwanso kupeza ndalama potsatsa malonda ndi maina awo. Ngakhale zili choncho, ndi ochepa kwambiri amene amafika mu ligi ya akatswiri ya NFL. Ambiri amadzadyera satifiketi yawo. Ngati zili choncho kwa eni chuma, kuli bwanji kwa mwana wa ku Chikweo kapena ku Utale?

Chiyembekezo chikapitirira muyeso chimabala ana oipa, ndipo woyamba ndi chinyengo. Anthu akamaumiriza kuti chikho chibwere zivute zitani, oyendetsa timu amayamba kusaka aganyu. Mwana weniweni wa pasukulupo, yemwe wakhala akuchita zokonzekera masabata onse, amapezeka ali pabenchi pomwe jezi yake yavalidwa ndi bambo wandevu yemwe sadziwa n'komwe komwe kuli laibulale. Ochemerera amaombera m'manja, osadziwa kuti akuphunzitsa ana awo omwe kuti njira yachidule imalipira. Nthendayi si ya m'midzi yokha. Bungwe la Fifa lidayamba kupima zaka za osewera ndi makina ounikira mafupa a padzanja mu 2009, ndipo mu 2020 maiko anayi, Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe, adachotsedwa mumpikisano wa Cosafa wa anyamata osapitirira zaka 17 chifukwa ena mwa osewera awo adalephera kupimako. M'dziko muno mankhwala ake ngapafupi. Kuyambira mu 2017 aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo amayenera kukhala ndi chiphaso cha unzika. Osewera aliyense aonetse chiphasochi pamodzi ndi cha pasukulu mpira usadayambe, ndipo timu yopezeka ndi waganyu ilandidwe mapointi popanda kuyang'ana nkhope.

Mwana wachiwiri ndi chikhulupiriro cha mankhwala. Anthu ena amasonkherana ndalama zopita nazo kwa sing'anga pomwe timu ili ndi mpira umodzi wokha, nawo wosokasoka. Osewera amauzidwa kuti asalowere pachipata koma adumphe mpanda, ena amakathira madzi osadziwika pagolo, ndipo mlendo aliyense woyandikira pamzere amaganiziridwa kuti wabwera kudzaloza. Timu ikagonjabe, sing'anga salakwa. Amati wina mwa osewera adaphwanya chizimba, kapena goloboyi wagulitsa masewero. Kunamiziridwa kotere kumapweteka mwana kuposa kugonja kwenikweniko, ndipo ena amasiyiratu mpira. Pasukulu pomwe m'mawa amaphunzitsa sayansi, n'zochititsa manyazi kuti madzulo ophunzira omwewo azidumpha mpanda poopa kamtengo kokwiriridwa pachipata. Ndalama ya kwa sing'anga ikadagula mipira iwiri ndi sopo wochapira unifomu.

Mwana wachitatu ndi ziwawa, ndipo pa ameneyu anthu a ku Balaka safunika kuchita kuuzidwa. Pa 28 Disembala 2013 Wanderers ndi Silver Strikers zidakumana pabwalo la Balaka pamasewero omwe amati aonetse mwini chikho cha ligi. Masewerowo sadathe. Padabuka zipolowe, anthu ambiri adavulala ndipo wochemerera mmodzi adataya moyo. Munthu adachoka pakhomo kuti akaonere mpira, abale ake n'kulandira uthenga wa maliro. Chikho cha chaka chimenecho chidapita komwe chidapita, koma banja lija silidabwezeredwe munthu wawo. Zipolowe zotere siziyambira pamwala woyamba ayi. Zimayambira m'mitima ya anthu omwe adachoka kunyumba atatsimikiza kuti timu yawo singagonje pokhapokha itaberedwa. Munthu wotere oyimbira akaloza penate, dzanja lake limakhala lili kale pansi kufuna chogendera.

Mabwalo ambiri a m'sukulu alibe mpanda, alibe apolisi okwanira, ndipo pamzere pamadzaza ana aang'ono ogulitsa zitumbuwa, nzimbe ndi madzi ozizira. Pakachitika chipwirikiti, oyamba kupondedwa ndi anawa. Dziko lino lidaona zimenezi pa 6 Julaye 2017 pomwe anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa pokanganirana kulowa m'bwalo la Bingu tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira. Oyendetsa masewero a m'makoleji asamadikire ngozi kuti ayambe kuganiza za chingwe chotchingira pamzere, za anthu osungitsa bata ndi za kuletsa mowa pabwalo.

Mwana wachinayi ndi juga. Masiku ano kubetcha kudalowa m'lamya za m'manja, ndipo achinyamata ambiri adazolowera kuonera mpira ali ndi kapepala m'thumba. Chizolowezichi chimawatsatira mpaka pabwalo la pasukulu, pomwe amabetcherana okhaokha. Munthu amene waikapo ndalama ya ndiwo saonanso mpira ngati masewero. Timu ikagonja, mkwiyo wake amakauthira pa oyimbira, pa osewera kapena pa mkazi wake kunyumba. Malamulo saloleza ana osakwana zaka 18 kutchova juga, ndipo makolo ali ndi udindo woonetsetsa kuti ndalama ya makope siikuthera pa kulosera zigoli.

Pali chinanso chomwe sichikambidwa pabawo: kuvulala. Katswiri wa timu yaikulu akathyoka mwendo amakhala ndi timu yomuyang'anira. Wophunzira akathyoka mwendo amathamangira naye kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, kenako katundu yense amagwera makolo. Amajomba kusukulu masabata angapo, mwina mpaka kuphonya mayeso. Omwe ankakuwa kuti alowe m'bwalo ngakhale bondo likupweteka sapezeka m'chipatalamo ndi phala. N'chifukwa chake mphunzitsi wa timu akapumitsa osewera wovulala, kapena akakana kutenga wophunzira yemwe ali ndi mayeso mawa lake, ayenera kuyamikiridwa, osati kunenedwa kuti sakufunira timu zabwino.

Za aphunzitsi a matimu, okonda mpira wa ku England omwewa akudziwa bwino mbiri yake. Alex Ferguson adafika ku Manchester United mu 1986 koma chikho choyamba adachitenga mu 1990, ndipo cha ligi chidabwera mu 1993. Akadachotsedwa pomwe ochemerera ankakuwa, mbiri yonse yomwe timuyo imanyadira sikadakhalapo. Mbali inayi, Claudio Ranieri adadabwitsa dziko lonse potenga ligi ndi Leicester City mu 2016, koma mu Febuluwale 2017 adamuonetsa msana wa njira. Kuno kumudzi, Wanderers idatenga ligi mu 2006 n'kudikira zaka 11 kuti idzaitengenso. Ngati matimu olemba osewera ntchito amadikira chotere, mphunzitsi wa pakoleji, yemwe m'mawa ali ndi choko m'manja ndipo madzulo ali ndi wezulo pakamwa, kawirikawiri popanda malipiro apadera, akuyenera kupatsidwa mpata. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina atha kunena kuti maganizo oterewa ngofooketsa, ndipo timu yopanda njala ya chikho singapite patali. Mfundoyi ili ndi mbali yake yoona. Palibe amene amavala jezi n'cholinga chokagonja, ndipo mpira wopanda ochemerera uli ngati ndiwo zopanda mchere. Ng'oma zilire, mavuvuzela alire, amayi aimbe nthungululu chigoli chikalowa. Ochemerera ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chomwe timu sikuchitira zokonzekera, chifukwa chomwe osewera ena amafika pabwalo akununkha mowa, komanso komwe idapita ndalama yomwe adasonkha. Kufunsa kotere kumamanga timu. Chomwe chikukanidwa pano ndi maganizo oti chaka chopanda chikho ndi chaka chotayika, chifukwa phindu lenileni la mpira wa pakoleji silioneka patsiku la ndime yomaliza.

Phindulo limaoneka patapita zaka. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi, yemwe kwawo ndi ku Machinga komweko, lidayambitsa maphunziro aulere a kupulaimale ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Kuchokera nthawi imeneyo, pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi sukulu pafupi, ndipo pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi kabwalo, ngakhale magolo ake atakhala a nsungwi. Chomwe chimasowa ndi munthu wodziwa kuphunzitsa ana mpira. Wophunzira yemwe lero akusewera pakati m'timu ya sukulu yosula aphunzitsi, mawa akatumizidwa ku Nayuchi, ku Phalula kapena ku Nselema, ndiye adzakhale mphunzitsi wa zamasewero wa ana mazanamazana. Akaphunzira pakoleji kusunga nthawi, kulemekeza oyimbira ndi kugonja mwaulemu, adzaphunzitsa zomwezo. Akaphunzira kubweretsa aganyu ndi kukwirira zithumwa, adzafesanso zomwezo. M'mera mpoyamba.

Timu ya dziko lino ya Flames yafikako kumpikisano wa maiko a mu Africa katatu: mu 1984, mu 2010 pomwe anyamata a Kinnah Phiri adathambitsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0, komanso ku Cameroon mu Januwale 2022 pomwe Gabadinho Mhango adagoletsa chigoli chakutali chija pokumana ndi Morocco. Katatu m'zaka pafupifupi 40 ndi kochepa, ndipo aliyense wodandaula za Flames ayenera kudzifunsa komwe osewera a mawa achokere. Sadzagwa kumwamba ngati mvula. Adzachokera m'mabwalo a fumbi a m'sukulu, m'manja mwa aphunzitsi omwe akusulidwa lero.

Pomwe anthu akukangana za timu ya anyamata, n'zodabwitsa kuti ochepa okha ndiwo amafunsa za timu ya atsikana. Chonsecho mpira wa amayi ndiwo waika dziko lino pamapu m'zaka zapitazi. Scorchers idatenga chikho cha Cosafa mu 2023. Tabitha Chawinga adaposa onse pogoletsa zigoli mu ligi ya ku Italy mu 2023, n'kudzachitanso chimodzimodzi ku France mu 2024. Mng'ono wake Temwa adagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ndipo adasankhidwa kukhala osewera wopambana onse. Atsikana amenewa adachokera kumudzi m'boma la Rumphi. Palibe chifukwa choti mtsikana wa ku Ntaja kapena wa ku Ulongwe alephere kutsatira mapazi awo. Komanso m'madera momwe atsikana ambiri amasiyira sukulu panjira n'kulowa m'banja, bwalo la mpira wa miyendo ndi la ntchemberembaye ndi chingwe china chowakokera kusukulu. Koleji yomwe imagulira anyamata unifomu yatsopano atsikana n'kumavala zotsala ikulakwitsa, ndipo ochemerera akadayenera kukwiyira zimenezi kuposa kugonja kwa Loweruka.

Tsono chaka chino ochemerera ayembekezere chiyani? Choyamba, ayembekezere kuti aliyense wovala jezi ya koleji akhale wophunzira weniweni wa pamalopo. Chachiwiri, ayembekezere kuti timu izifika pabwalo nthawi yake, izisewera mwakhama mpaka wezulo yomaliza, ndipo ikagonja izipereka moni kwa anzawo. Chachitatu, ayembekezere kuti masewero aliwonse athe mwamtendere, oyimbira n'kubwerera kwawo ndi njinga yake yathunthu. Chachinayi, ayembekezere kuti pakutha pa chaka osewera onse akhoze mayeso. Timu yokwaniritsa zinayi zimenezi yachita bwino, ngakhale itathera pakati pa mndandanda. Chikho chikabwera pamwamba pa zimenezi, chimenecho ndi chokometsera.

Akuluakulu a makoleji ndi masekondale ali ndi mbali yawo. Aike lamulo loti wophunzira amene akujomba m'kalasi kapena kutsika pamaphunziro apume kaye kumpira mpaka atakonza zinthu. Aike poyera ndalama zomwe zapatulidwira masewero ndi mmene zagwirira ntchito, chifukwa mphekesera zambiri zimamera pomwe pali mdima. Mabungwe oyendetsa masewero a m'sukulu ndi m'makoleji, pamodzi ndi bungwe la Fam, akonze ndandanda ya masewero moganizira nyengo ya mayeso, ndipo aphunzitse oyimbira ndi aphunzitsi a matimu m'maboma momwemo m'malo moti zonse zizithera m'mizinda. Makhonsolo a Balaka ndi Machinga asamale mabwalo omwe alipo kuti asasanduke misika kapena malo omangapo nyumba.

Eni magolosale, ogula mbewu, eni minibasi ndi ena ochita malonda m'matauniwa nawo asamangoonekera patsiku la ndime yomaliza atanyamula envulopu pamaso pa anthu. Thandizo lenileni ndi la mwezi wa zokonzekera: mipira iwiri, thumba la ufa, malita angapo a mafuta. Andale omwe amakonda kukhazikitsa zikho chisankho chikayandikira akumbukire kuti ana amafuna mpira chaka chilichonse, osati kamodzi pa zaka zisanu. Ndipo wochemerera aliyense amene ali ndi mawu ambiri pa za kasankhidwe ka osewera ayambe wafunsa chomwe iye waponyapo. Mutu umodzi susenza denga.

Mawu omaliza apite kwa makolo. Mwana akasankhidwa m'timu ya pasukulu, n'chinthu chonyaditsa ndipo asaletsedwe. Mpira umalimbitsa thupi, umaphunzitsa kugwira ntchito ndi anzako, ndipo umachotsa achinyamata kumalo omwera mowa. Bambo ndi mayi apite akamuonere, amuchemerere, ndipo akagonja amulandire ndi nsima yotentha, osati ndi mawu onyoza. Koma pofunsa kuti masewero adatha bwanji, afunsenso kuti mayeso a sabata yatha adayenda bwanji. Moyo wa osewera mpira ngwaufupi, ndipo bondo limodzi likhoza kuuthetsa tsiku limodzi. Satifiketi ya uphunzitsi kapena ya ntchito zamanja imadyetsa munthu mpaka imvi.

Masewero ayamba posachedwa, ndipo mtsutso wa padepoti ndi pabawo upitirire. Koma aliyense wopita kubwalo akumbukire kuti amene akuthamanga m'katimo ndi mwana wa mnzake, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mbuzi ija idagulitsidwa kuti mwanayo abwere ndi satifiketi. Akabwera ndi satifiketi ndi chikho, dera lonse livine. Akabwera ndi satifiketi yokha, makolo sadataye kanthu. Koma akabwera ndi chikho chokha, kapena ndi mwendo wothyoka ndi mayeso olephera, onse omwe ankakuwa pamzere adzakhala ndi mlandu woyankha.